Mlandu wa Zimbale Zopindika

"Ichi ndi cha 1979, aMalume. Gwirani m'mbali, osakhudza pakati."

Mapopa anandiikira chimbalecho m'manja ngati akundipatsa khanda. Ndinachigwira m'mbali monga ananenera, ngakhale sindinaone chimene ndikanaonongapo, poti chinali chitapindika kale ngati chivundikiro cha poto chimene galimoto yapondapo. Zinzake zinali mbwee patebulo, pamipando ndi pansi, zimbale zakuda zija za galamafoni zimene ine ndinkayesa zinatha ndi atsamunda. Funso limene ndinamufunsa linali lalifupi: n'chifukwa chiyani simukudya chakudya cha mkazi wanu? Yankho lake linayambira ku London, zaka makumi anayi zapitazo, ndipo linali lisanafikebe kukhitchini.

Ine ndinabwera ngati nkhoswe. Jestina ndi mwana wa mlongo wanga, ndipo pamene ankakwatiwa ndi Mapopa Chavula, namwino wa pachipatala china mu Leicester, ndine ndinaimira kuchikazi chifukwa wamkulu wina wa kwathu kuno kunalibe. Lachisanu Jestina anandiimbira foni ndili kuntchito, kunyumba yosamalira okalamba ku Nottingham. Sanachulutse gaga m'diwa. Anati ndibwere ndidzamutenge monga ndinamuperekera, ukwati watha. Loweruka m'mawa ndinanyamuka kunyumba kwanga ku Hyson Green, sitima, kenako basi mpaka ku Belgrave, dera la mu Leicester kumene amakhala, ndipo ndinapeza masutikesi ake atatsamira kale pakhomo. Mwana wawo Hazel anali atamutumiza kwa anzake. Nkhoswe ya kuchimuna inangotumiza uthenga woti ili pa shifiti, choncho mlandu wonse unagwera ine ndekha.

Nkhani yake inali yotere. M'chilimwe cha 2018, chaka chimene dzuwa linaotcha udzu wa m'mapaki mpaka kufiira ngati kwathu mu Okutobala, bambo ake a Mapopa anamwalira ku Rumphi. Iye anakwera ndege. Ife otsala tinachita zimene timachita. Maliro n'kulirana, choncho aMalawi a ku Leicester, ku Loughborough ndi ku Nottingham tinasonkhana kunyumba kwake kudzakhala ndi Jestina. Koma pabalaza pa Mapopa si pabalaza pa anthu. Khoma lililonse mashelefu a zimbale, pansi makatoni a zimbale, malo oti amayi atambalale n'kuimba panalibe. Mayi Keturah, amene amatsogolera amayi a kutchalitchi kwathu, analamula kuti mipando ituluke panja kwa abambo, zimbale zipite m'kachipinda ka magalasi kakuseri kwa nyumba. Amayi anagwira ntchitoyo mwaulemu ndithu. Anazisanja chogoneka, china pamwamba pa chinzake mpaka kulekeza m'chiuno, n'kuzifunditsa matumba akuda otayira zinyalala kuti zisalowe fumbi. Maliro atatha aliyense anabwerera ku shifiti yake, Jestina nayenso, ndipo zimbale zinatsala zokha ndi dzuwa.

Chimene chinamupweteka Jestina sichinali kupsa mtima kwa mwamuna wake ayi. Alamu ake anali atamuimbira kuchokera ku Rumphi kumudandaulira kuti Mapopa sanagwetse msozi ndi umodzi womwe, pasiwa ngakhale kumanda. Ankangozungulira ndi foni kukhutu, anthu n'kumanong'onezana kuti Mangalande yamuumitsa mtima. Koma tsiku limene anabwerera, atatsegula kachipinda ka magalasi kaja, anakhala pansi n'kulira mofuula mpaka Banu, mayi wa nyumba yoyandikana nawo, anadzagogoda kufunsa ngati aitane ambulansi. Kuyambira pamenepo munthu anasoka pakamwa, anasamuka kuchipinda, n'kumagona pabalaza pakati pa zimbale zake.

"Bambo awo owabala sanawalire, aMalume," Jestina anatero ataima pakhomo la khitchini. "Alira pulasitiki. Ndinapepesa, ndinati ndioda zina pa intaneti, iwo kundiyang'ana ngati mfiti. Ndikaphika, akupita kukagula machipisi ku Belgrave Road. Ine ndinakwatiwa ndi munthu kapena ndi shopu? Ndapeza kale chipinda kwa mnzanga ku Loughborough."

Kunena zoona, mtima wanga unali utagamula kale. Komabe nkhoswe simva mbali imodzi, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndiye ndinatembenukira kwa mkamwini n'kumufunsa funso lija, osadziwa kuti ndatsegula mpopi wosatsekeka.

Anati kuti ndimvetse chimene chaonongeka ndiyenera kudziwa kumene nyimbozi zinachokera. Dzina lake ndi alternative rock, ndipo anandichenjeza kuti ndisamaziphatikize ndi rock wamba, ngati kuti ine ndinali ndi chizolowezi chotero. Zinayamba, akutero, ndi achinyamata otopa ndi makampani akuluakulu a nyimbo, amene ankangofuna oimba osalala ndi tinyimbo totsekemera. Achinyamatawa ankajambula okha m'magalaja, ndi magitala otchipa, n'kumagulitsa zimbale kudzera m'timakampani ta munthu mmodzi ndi galu wake. Ku America mawailesi akuluakulu ankazikana, ophunzira a m'makoleji ndi amene ankaziika pa timawailesi tawo. Ku Manchester mafakitale anali kutsekedwa, mvula yosakata, ndiye anyamata ankaimba ngati anthu amene angouzidwa kumene zotsatira za kuchipatala. Chilichonse chimene ankanena ankachitola patebulo, kundionetsa, kutchula chaka, mzinda ndi munthu amene anajambula. Mayina a magulu sindinasunge ndi limodzi lomwe, ndipo sindikudandaula.

Tiyi amene Jestina anandipatsa anazizira tikadali m'zaka za m'ma 1980, pa chimbale cha gulu lina la ku America limene akuti linatchukitsa luso lonong'ona kenako n'kukuwa mwadzidzidzi. Ndinati luso limenelo aliyense amene analerapo mwana amalidziwa. Sanaseke. Anatola china, nati awa ankaimba akuyang'ana nsapato zawo, osadzutsa mutu kuona anthu amene alipira pakhomo. Ndinamuuza kuti kwathu munthu woyankhula akuyang'ana nsapato amakhala kuti waba mbuzi. Sanandimvenso. Anali atafika mu 1991, ndipo maso ake anayamba kuwala. Chaka chimenecho anyamata atatu a kufupi ndi Seattle ku America, ovala malaya ooneka ngati a pakaunjika, anatulutsa chimbale chimene chinagwetsa mafumu onse a pawailesi. Makampani aja amene ankanyansidwa nawo anayamba kuthamangira aliyense wa tsitsi losapesa. Okana kutchuka anatchuka, ena zinawazunguza mutu, woimba wamkulu uja anafa akadali mnyamata. Apa mawu a Mapopa ananjenjemera pang'ono, ndipo Jestina anatsonya kukhitchini mokweza kuti tonse timve.

Ndinayesa njira ina. Ndinati masiku ano nyimbo zonse zili pafoni, ngakhale ine kwaya za kwathu ndimamvera ndili m'basi. Anandiyang'ana mwachifundo, monga mmene amayang'anira odwala okana mankhwala, n'kuyamba kufotokoza za 1997.

Pamenepo ndinaphulika. Ndinamenya tebulo mpaka zimbale zinagwedezeka.

"AChavula, ine ndakansela shifiti kuti ndidzapulumutse banja, osati kudzalemba mayeso. Mwana wanga wamanga katundu. Masutikesiwo simukuwaona? Ndiyankheni chimodzi chokha, ndipo musatchule chaka. Mwa zonsezi, munalira chiti?"

 Mapopa anapisa dzanja kuseri kwa mpando n'kutulutsa chimodzi chimene anachipatula kwa zinzake. Chinali chopindika kuposa zonse, poti chinali pamwamba pa mulu, moyang'anizana ndi galasi. Pachikuto pake panali chithunzi cha tchalitchi chakale chamiyala, mtanda pamwamba, mitambo yakuda kumbuyo.

Anati pamene iye anali Fomu 2, mphunzitsi wina wachizungu pochoka ku Rumphi anagulitsa katundu wake. Bambo ake, mkulu wa mpingo wosasekerera zachibwana, anaona kaseti ya chithunzi chomwechi n'kuigula, poyesa kuti ndi kwaya ya ku Mangalande. Lamulungu, mapemphero atatha, anaitana akulu a mpingo anzawo kunyumba, anaika mabatire atsopano m'wailesi, n'kudina. Zimene zinatuluka m'menemo mungaziganizire nokha. Alendo anayamba kukumbukira mmodzimmodzi kuti asiya ntchito kunyumba. Mayi ake anathawira kukhitchini ndi ana aakazi. Koma mdalayo sanali munthu wovomera kuti walakwitsa. Anangokhala duu pampando, manja pamaondo, nati azungu amapemphera chonchi. Mbali yoyamba itatha anauza Mapopa kuti atembenuze kasetiyo.

"Kuyambira tsiku limenelo, Lamulungu lililonse masana ankandiitana," anatero Mapopa. "Ankati, mnyamata, bweretsa kwaya ija. Tinkakhala awiri pakhonde mpaka ithe mbali zonse. Sitinkayankhula. Adada sankacheza ndi ana, aMalume, ankangolamula. Koma ikafika nyimbo yachitatu phazi lawo linkagunda pansi."

Kasetiyo inadzadyedwa ndi wailesi iye ali kusukulu ya unamwino. Chimbalechi anachipeza pamsika wa Leicester chaka chimene anafika kuno, ndipo zina zonse zija zinabwera pambuyo, pofuna kudziwa kuti anthu amene ankaimbira bambo ake pakhonde anali ndani ndipo anachokera kuti.

"Kumudzi misozi inakana. Uyu akundifunsa za bokosi, uyu za galimoto, uyu za chakudya cha anthu. Ndinati ndikafika kunyumba ndikachiika, ndikawalira bwinobwino. Ndiye ndinatsegula chitseko chija."

Mwina mukuganiza kuti ndinamumvera chisoni. Chisoni chinalipo, koma mkwiyo unachiposa. Zaka zonsezi munthuyu wakhala akutitopetsa ndi Seattle ndi Manchester, paukwati, paubatizo, ngakhale pamzere wa chakudya, koma Rumphi osamutchula ndi kamodzi komwe. Ukwati unatsala pang'ono kutha chifukwa cha munthu woyankhula tsiku lonse osanena kanthu. Ndinayang'ana Jestina kuti mwina nkhaniyi ankaidziwa, koma nkhope yake inandiyankha kuti ayi. Anafunsa chapansipansi chifukwa chimene sanamuuzire.

"Munkati ndi phokoso, mayi a Hazel."

"Ndi phokosodi," anatero Jestina. "Koma mukananena kuti ndi la apongozi."

Ndinalamula kuti achiike. Mapopa anati sichingaimbe bwino, komanso singano ikhoza kuthyoka. Ndinati ikathyoka ithyoke, ine mlandu sindiweruza ndisanamve mboni. Anagwada pa galamafoni yake, ndipo chimbale chinayamba kuzungulira, singano ikukwera ndi kutsika ngati njinga yodutsa m'mizere ya m'munda.

Sindikunamizani kuti ndinamva kukoma. Magitala ankakanda m'makutu, woimba ng'oma ankamveka ngati ali pamkangano ndi wina. Koma chifukwa cha kupindikako mawu a woimbayo ankakoka, kukwera n'kugwa, kukwera n'kugwa, monga amalirira mayi amene watulukira pamaliro kuchokera kutali. Mapopa anali atakhala pansi pafupi ndi sipika, mutu pakati pa maondo, mapewa akugwedezeka popanda mawu.

Jestina anakwera kuchipinda chapamwamba. Ndinaganiza kuti wapita kukatenga chikwama chotsala, ndipo ndinayamba kusanja m'mutu mawu omubwezera. Anatsika atamanga chitenje m'chiuno ndi duku kumutu. Anavula masilipasi, anasendeza katoni, nakhala pansi pambali pa mwamuna wake, miyendo chotambalala. Anayamba motsitsa, akugwedeza thupi: "Apongozi anga ine, mwatisiya ndi yani ine." Itafika nyimbo yachitatu Mapopa anatsegula kukhosi, ndipo mawu atatu aja, wa mkazi, wa mwamuna ndi wa mzungu wa m'chimbale, anasakanikirana moti sindikanatha kuwalekanitsa.

Ine ndinatsala chiimire ndi uphungu wonse umene ndinakonza m'sitima, wopanda woumva. Nanga ndikanatani? Mwamuna wodzakhuza sakhala m'nyumba ya siwa. Ndinanyamula mpando wanga, kudutsa m'kachipinda ka magalasi kaja, n'kukauika panja pakati pa mabini ndi chingwe choyanikira zovala. Banu anasuzumira pampanda n'kufunsa m'Chingerezi ngati kwagwanso zovuta zina. Ndinamuuza kuti ayi, ndi zomwe zija, zinangochedwa kufika.

Patapita nthawi phokoso linaleka m'nyumba. Mtima wanga unakhala pansi, ndikuganiza kuti sitima ya masana ndiipezabe, makutu anganso apulumuka. Ndili pafupi kudzuka ndinamva mawu a Jestina, osasa ndi kulira.

"Tembenuzani, bambo a Hazel."

Magitala anayambiranso. Ndinatsonya, ndinatambasula miyendo, n'kuvula chipewa kuchiika pabondo.