Chigongono cha Efren Malabanan

Efren Malabanan anabwerera kwawo ku Canlubang mkono uli pansalu yokoleka m'khosi. Mtsempha wa m'chigongono unamudukira ali pakachulu ka woponya, masewero a besibo, omenya mpira ndi chibonga, ali mkati, ndipo madokotala a ku Manila anachotsa wina pamwendo n'kumusokerera pamenepo.

Masabata oyamba anzake a mutimu ankamuimbira. Kenako mafoni anayamba kuchepa, ndipo anangomva kwa anthu kuti alemba woponya wina wa ku Bulacan.

Ankakhala kwa mlongo wake Luningning, amene ankalawirira kufakitale ya zovala n'kubwera dzuwa litalowa. Masana onse m'nyumba munkangoti zii. Efren ankakoka labala womangirira kuchitseko, kupinda mkono, kuwongola, kupindanso. Dokotala atamuloleza kuponya, panalibe womuwakhira. Ankapita kuseri kwa fakitale yakale ya shuga n'kumaponya pakhoma, mpira ukagubuduka n'kukautola yekha.

Tsiku lina panaima njinga yamoto yonyamula anthu. Anali a Dionisio Dimaano, amene anamuwakhira zaka zambiri mawondo asanawakane.

"Iwe Efren, khomalo lakulakwira chiyani?"

"Limawakha bwino kuposa inu, achimwene. Silidandaula mawondo."

A Dionisio anaseka, natulutsa golovesi yong'aluka pansi pa mpando, nanyonyomala mobuula. Efren anaponya kangapo. Mkuluyo anamubwezera mpira n'kudzuka.

"Nenani, musandinyengerere."

"Ukulunjika bwino. Koma mpira ukubwera ngati minibasi ya jipini yofuna anthu panjira. Kale ndikakuwakhira, supuni inkandigwa m'manja pakudya. Ukuopa, mng'ono wanga. Mkono ukafika pamwamba, ukuubweza."

"Ndimamva ngati ulusi uduka."

"Ukaduka uduke uli pabwalo, osati kuseri kuno."

Mayi wina wonyamula dengu la nsomba anaitana njinga, ndipo a Dionisio anapita. Analonjeza kubweranso, koma anthu okwera sasankha nthawi.

Mvula itatha, Efren anakadzionetsa kwa kochi wake, bambo Evangelista. Iwo anamuyang'ana akuponya, manja ali m'thumba.

"Malo a woponya kulibe, Efren. Koma tikufuna wina woti aziponyera anyamata pokonzekera. Mipira yofewa, kuti aziimenya."

Anavomera. M'mawa uliwonse ankaima kuseri kwa ukonde n'kumaponya mofatsa, mipira yake ikuuluka kudutsa mpanda. Nthawi yopuma anyamata ankakhala pagulu kuseka za kwawo, iye n'kumadya mpunga wake pabenchi lakumapeto.

M'mawa wina womenya wachilendo anati, "Madala, ponyani ndithu, tisagone pano." Efren anapsa mtima, ndipo asanaganize n'komwe, mkono unapita wonse. Mpira unalira m'golovesi ya wowakha, mnyamatayo chibonga chisanachoke paphewa. Efren anaima kudikira ululu uja. Sunabwere. Anacheukira kwa bambo Evangelista, koma iwo anali atafulatira, akulankhula pafoni.

"Wakupulumukani umenewo," anatero mnyamatayo, nakonzekanso.

Efren anabwerera ku mipira yofewa. Atafika kunyumba anaika madzi oundana pachigongono, naimbira a Dionisio kuti awauze, koma foni inangoitana. Chaka chimenecho timu inamaliza masewero ake osamuika pakachulu. Pamene ankagawa mayunifomu a chaka chotsatira, iye anapempha kuti amuyesenso, ndipo bambo Evangelista anati abwere Lolemba, anyamata asanafike.