Zimene Ndinasiya mu Mbiri ya Achimwene

Mbiri ya achimwene anga a Amock ndinailemba ndine, ndipo munalibe bodza ngakhale limodzi. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa ndi zomwe ndinkadzitonthoza nazo tsiku la maliro lija.

Kwathu ku Mhuju, abusa asanalalikire pamaliro, wina wa m'banja amaima n'kuwerenga mbiri ya womwalira: kubadwa, ubatizo, sukulu, ukwati, ana, matenda. Anthu amamvetsera uku akuingitsa ntchentche. Amene anandipatsa ntchitoyo ndi adada a Manasseh, ang'ono awo a malemu bambo athu.

"Iwe Vitumbiko, si umangodya mabuku ngati chiswe? Lemba. Tsamba limodzi basi, osati nyuzipepala."

Sukulu ndinalekeza Folomu 2, koma kuwerenga sindinasiye, ngakhale pepala lokulungira usipa. Alaliki nawo ndinkawatchera khutu, osati pa uthenga wokha ayi, koma pomwe amapumira, ndi mawu omwe amabwereza mpaka amayi ayambe kupukuta maso ndi chitenje. Ndinali nditadziwa kuti munthu salira ukamuuza kuti wodwalayo anavutika kwambiri. Amalira ukamuonetsa kanthu kamodzi kakang'ono.

Kanthuko ndinali nako. Miyezi isanu ndinawadwazika ndine achimwene. Akazi awo, alamu a Isabella, Achewa a ku Dedza, amaphika kumalo ogona alendo ku Chelinda, kutali pamwamba pa phiri, ndipo ankabwera kamodzi pamwezi, galimoto ikapezeka. Tsiku lina nditabwerera kunyumba ndinapeza achimwene atagwa pabedi, ali pansi, dzanja litalunjika kapu ya madzi yomwe inali pampando. Mkwiyo wa tsiku limenelo ndinausunga. Ndinkati si chilungamo: ine matewera ndi masanzi, wina akukazingira alendo mazira kuphiri.

Ndiye ndinayamba mbiriyo ndi kapu. Chaka chobadwa ndinachikankhira kumapeto. Ziganizo ndinazidula zifupizifupi kuti zizigunda ngati musi mumtondo. Ndinalemba kuti achimwene anagonekedwa kuchipatala ku Rumphi katatu, koma sindinanene amene anawanyamula. Ndinalemba kuti mankhwala sankasowa, osanena komwe ankachokera. Dzina la alamu ndinalitchula kamodzi kokha, pa chaka cha ukwati. Ndipo pakutha pa ndime iliyonse ndinaika mawu awiri: "Anali okha."

Ndikuwerenga, ndinkapuma ndisanawatchule mawuwo. Koyamba anthu anangoti zii. Kachiwiri mayi wina wa chigwirizano cha amayi a mpingo anabuula. Kachitatu sindinawatchule ndekha, amayi akumbuyo anandithandiza kumaliza, ndipo mitu yonse inatembenukira pamphasa pomwe panakhala alamu ndi ana awo awiri. Ndisaname, mumtima ndinamva kukoma.

Tikuchoka kumanda anthu ankandigwira chanza. "Yewo chomene, mwana iwe uli ndi pakamwa." Alamu sanandiyang'ane.

M'mawa mwake, titasesa pabwalo, akuluakulu anakhala pansi pa mtengo wa mango kuti akambirane za banja lotsala. Ndinkatumikira tiyi, ndiye ndinamva zonse. Ankhazi a Angella, alongo awo a bambo, ndiwo anayamba.

"Nkhani ndi yachidule. Mayi uyu abwerere kwawo ku Dedza, kapena kuphiri kwake komwe amakukondako. Ana atsala. Ana ndi a pano, ng'ombe za malowolo zinapita kalekale."

"Alongosi, tiyeni pang'onopang'ono," anatero adada a Manasseh.

"Pang'onopang'ono chiyani? Simunamve dzulo? Mudzi wonse wamva. Anali okha. Mkazi wosiya mwamuna kufera kapu ya madzi angalere ana?"

Alamu anayankha mutu uli pansi. "Ankhazi, ntchito anandiletsa kusiya ndi malemu omwewo. Anati ndikasiya tidzadya chiyani, mankhwala adzachokera kuti."

"Wakufa sayankha. Mboni yako ndani?"

Mboni inali ine. Ndinalipo tsiku lomwe achimwene anawakalipira alamu atabwera ndi chikwama chawo chonse, akuti sabwereranso kuntchito. Pabwalopo ndinali nditagwira ketulo. Mtsikana wosakwatiwa salankhula pabwalo lotere. Koma mtima wanga wapachala, womwe unalemba mbiri ija, sunandifunse. Ndinaika ketulo pansi mwamphamvu mpaka tiyi anatayikira pa nsapato za adada.

"Mboni ndine."

"Khala pansi iwe," anatero ankhazi. "Unalankhula kale dzulo, ndipo unalankhula bwino."

"Ndinalankhula bwino, ee. Vuto lake ndi lomwelo."

Ndinatulutsa pepala lija m'thumba la siketi. Ndinaliwerenganso, koma ulendo uno mosapuma, mouma ngati chidziwitso cha kumsonkhano wa feteleza, ndipo pa chiganizo chilichonse ndinkabwezeramo chomwe ndinachotsa. Kuchipatala katatu: katatu konse anawanyamula ndi alamu, ndipo ankagona pansi pa bedi lawo mu wodi. Mankhwala: ankatumiza ndi alamu, kudzera mwa dalaivala wa galimoto ya katundu. Tsiku lomwalira: galimoto inatitimira m'matope, alamu anayenda wapansi theka la tsiku, nsapato zili m'manja, n'kufika mtembo titausambitsa kale.

"Nanga kapu ija?" anafunsa ankhazi. "Unapeka?"

"Sindinapeke."

"Ndiye basi."

Apa ndikanatha kukhala pansi. Palibe ankadziwa china koma ine ndi malemu.

"Tsiku la kapu achimwene anali okha chifukwa ine ndinachoka. Sindinapite kumunda kapena kuchigayo. Ndinabwereka buku kwa aphunzitsi, ndinakakhala kuseri kwa chigafa cha fodya kuti ndisamve akamandiitana. Ndinatopa nawo. Ndinawerenga mpaka dzuwa kupendeka."

 

Adada a Manasseh anapukuta nsapato yawo ndi tsamba, nthawi yaitali ndithu. Kenako anati, "Ndinati tsamba limodzi. Ndikanati mzere umodzi." Anatembenukira kwa alamu. "Amama, nyumba ndi yanu, ana ndi anu ndi ife. Simupita kulikonse pokhapokha mutafuna nokha."

Ankhazi anadzuka, nakutumula chitenje. "Zanu izo. Koma anthu mazana atatu anamva dzulo. Lero tamva anthu khumi."

Sanalakwitse. Madzulo ake ndikupita kumjigo ndinamva amayi awiri akukambirana za maliro. Mmodzi anati mbiri ngati ija sanaimvepo chibadwire, nabwereza mawu awiri aja ndi kapumidwe kanga komwe. Ndinawaimitsa, ndinawafotokozera za matope ndi nsapato m'manja. Anagwedeza mitu mwaulemu, mmodzi n'kuti, "Uli ndi mtima wabwino, kumuikira kumbuyo mlamu wako." Zoona zija zinali zazitali ndi zosakoma kubwereza. Zanga zija zinali zazifupi, zolowa m'khutu ngati nyimbo.

Nditabwerera ndinapeza alamu akuchapa mabulangete a malemu kuseri kwa nyumba. Ndinatula ndowa pafupi nawo.

"Alamu, pepani."

"Thira umu," anatero, akuloza beseni. Ndinathira. Anafinya bulangete, nandipatsa mbali imodzi kuti tipotokole awiri. "Ukudziwa, Vitu, dzulo nanenso ndinalira pa mawu ako aja. Ndinakhulupirira. Ndinaiwala kuti mapazi otupawa ndi anga."



Twambilile, mwana wawo wamkulu wa zaka zisanu ndi ziwiri, anabwera n'kuima pafupi ndi beseni. Anali atakhala pamphasa ija dzulo, anamva zonse. Pabwalo la akuluakulu sanaliko.

"Amama," anatero, "n'chifukwa chiyani munawasiya okha adada?"

 Alamu anandiyang'ana ine, koyamba chichokere kumanda, natenga mbali yanga ya bulangete m'manja mwanga.

"Pita naye," anatero. "Umuuze bwinobwino. Usakometse."

Ndinamugwira dzanja Twambilile, tinakakhala kuseri kwa chigafa cha fodya, pamalo omwe aja. Ndinayamba ndi buku lomwe ndinabwereka.