Chimanga cha mu Ndime 23

Ntchito yanga pa siteshoni ya kafukufuku wa mbewu ndi kuyeza chimanga chikamafa. Ndimalowa mu shedi ndi ndodo ya manambala, bolodi ndi pensulo, n'kumalemba kutalika kwa phesi, tsiku limene ngayaye zatuluka, ndi kuchuluka kwa masamba amene apota. Shediyo ndi yaitali ngati holo ya sukulu. Denga lake ndi la pulasitiki yoonekera, m'mbali muli waya. Dzuwa limalowa, mvula ayi. M'katimo muli ndime makumi anayi za mizere inayiinayi, ndime iliyonse mtundu wakewake wa chimanga, ndi kachikwangwani ka nambala kutsogolo.

Timathirira ndime zonse mofanana kwa milungu isanu ndi umodzi. Kenako akapitawo amatseka mpopi, n'kuzula chogwirira chake kukachisunga mu ofesi. Kuyambira tsiku limenelo palibe dontho lololedwa kugwa mu shedimo. Mtundu umene wabereka pa ludzu lotere ndi umene amauchulukitsa n'kuutumiza kwa alimi a kumadera kumene mvula yayamba kudula msanga.

Adokotala, mayi amene amayendetsa kafukufukuyu, amakonda kutikumbutsa kuti anthu padziko akuchuluka chaka ndi chaka pamene minda sikukula ndipo mvula yasiya kusunga nthawi. Ine za dziko lonse sindizidziwa bwino. Ndimadziwa za kunyumba kwathu, kumene tinali anayi nditangokwatiwa ndipo lero tilipo asanu ndi anayi, m'zipinda zitatu zomwe zija.

Mmodzi mwa asanu ndi anayiwo ndi apongozi anga, mayi a amuna anga. Anabwera kudzakhala nafe munda wawo utapsa ndi dzuwa zaka ziwiri zotsatizana. Kukhala pansi sadziwa. Ankasesa pamene ndasesa kale, ankachapanso zovala za ana zimene ndayanika. Nditamva kuti pa siteshoni pakufunika anthu opalira, ndinawatchula kwa akapitawo, osati chifukwa cha chifundo chokha. Akapitawo anati alibe vuto, koma ndidziwe kuti wachibale akalakwa, mlandu umayamba ndi amene anamubweretsa. Ndinavomera.

Lamulo la madzi ndinawauza ndekha katatu. Kachitatuko anandifunsa ngati ndikuwaona ngati mwana wa sukulu ya mkaka.

Mpopi utatsekedwa, sabata yoyamba panalibe chachilendo. Sabata yachiwiri masamba anayamba kupota masana n'kumasuka m'mawa, kenako anasiya kumasuka. Opalira, amene masiku ena amaimba ndi kujedana, ankalowa mu shedi ali duu ngati alowa m'chipatala. Ndime 23 ndiyo inayamba kugwa. Zili mu bukhu langa: tsiku lachisanu ndi chinayi masamba ake onse anali atapota, am'munsi atayera. Koma patapita masiku anayi inadzuka. Ndime zoyandikana nayo zinkafota, iyo ikubiriwira, mpaka inatulutsa ngayaye ndi ndevu.

Adokotala anasangalala kwambiri. Anati mtundu umene umagwa n'kudzukanso wokha ndi umene akhala akuufuna zaka zonsezi. Ankabwera ndi alendo kudzaujambula. Akapitawo anayamba kuitchula ndimeyo kuti mwana wa Adokotala, ndipo aliyense wodutsapo ankayenda chammbali kuopa kuthyola tsamba. Zinamveka kuti Lachisanu lipoti likupita ku likulu, ndipo mbewu ya ndime 23 iyamba kuchulukitsidwa.

Lachitatu m'mawa pensulo yanga inagwera pakati pa mizere ya ndimeyo. Nditagwada kuti nditole, ndinaona tiudzu tating'onoting'ono, ta masamba awiriawiri, titazungulira phesi. Mu shedi mmene simunalowe madzi milungu inayi udzu sumera. Ndinapalasa ndi chala. Pamwamba panali fumbi, pansi dothi linali lozizira ndipo linkamata. Wina ankathira madzi n'kukwirira ndi dothi louma. Ndinapalasa pa phesi lachiwiri, lachitatu. Pa phesi lachisanu ndinapeza masamba a tiyi.

Pa siteshoni yonse, munthu amene amamwa tiyi wa masamba a m'fulasiki ndi mmodzi. Ndi yemweyo amene tsiku lililonse ankanyamula chigubu cha malita asanu m'chikwama, akunena kuti madzi a pa siteshoni amanunkha chitsulo. Ine ndinkawaseka m'njira kuti adzathyoka msana chifukwa cha matama.

Nthawi ya nkhomaliro ndinawapeza kuseri kwa nyumba yosungira makasu, atakhala pa thumba, nsapato atavula. Ndinadikira kuti anzawo achoke.

“Amayi, ndime 23 ikumwa tiyi wa ndani?”

Sanadzidzimuke. Anatseka fulasiki bwinobwino, n'kuipukuta.

“Tiyi ayi. Awo anali madzi otsukira kapu, tsiku limodzi lokha. Masiku ena onse ndimathira oyera.”

“Masiku angati?”

“Kapu imodzi pa phesi, ndipo si tsiku lililonse. Musachite ngati ndatsegula mtsinje, akalaliki.”

Akandipsera mtima amanditchula akalaliki, chifukwa cha ntchito yanga yolembalemba. Anati alima zaka makumi anayi, ndipo chimanga chimene chinawafera chinafa chifukwa analibe madzi oti achipatse. Kuno madzi alipo, mpopi uli pakhomo pomwepo, ndiye anthu ophunzira akuima n'kumachiyang'ana chikufa, wina n'kumalemba. Anati ndime ija inagwa yoyamba, inali pafupi ndi pamene ankapalira, ndipo sakanatha kuidutsa.

Ndinawauza kuti nkhani ndi imeneyo. Inagwa yoyamba chifukwa ndi yofooka kuposa zonse. Tsopano ikuoneka yolimba kuposa zonse, ndipo mbewu yake ipita kwa anthu a minda youma ngati wawo uja. Adzabzala, adzapalira, mvula idzadula, ndipo kumeneko sikudzakhala munthu woyenda ndi chigubu m'chikwama.

Anayang'ana zala za kumapazi kwawo.

“Ndiye kanenenitu,” anatero. “Mukati mwagwira wakuba. Koma madziwo ndi anga, ndasenza ndekha kuchokera kunyumba.”

Sindinanene tsiku limenelo. Ndinamaliza kuyeza, ndipo pa mzere wa ndime 23 ndinasiya osalemba kanthu.

Madzulo, ana akusewera panja, ndinawafotokozera amuna anga. Iwo ndi makaniko, ndipo nkhani iliyonse amaimva ali mkati mosamba m'manja. Poyamba anaseka. Anati mayi awo anayamba kale, iwo ali mnyamata mayiwo ankathirira ngakhale maluwa a eni nyumba. Ataona kuti ine sindikuseka, anasintha mawu. Anati ndi ndime imodzi pa makumi anayi. Anati kulikulu kuli anthu a madigiri ndi makina awo, ngati mbewuyo ndi yoipa akaitulukira okha. Ndinati mwina akaitulukira patapita zaka ziwiri, mwina atagawa kale. Anati ineyo sindine boma.

Kenako ananena chimene chinali pamtima. Ntchito ija ndiyo inawadzutsa mayi awo. Asanaiyambe ankangoyendayenda m'nyumba ngati mlendo, koma pano amadzuka m'mawa, amagulira adzukulu sopo ndi manja awo. Akachotsedwa, makamaka chifukwa cha mpongozi, nyumba ino sidzakhalanso chimodzimodzi, ndipo ndisadzati sanandiuze.

Zonsezo zinali zoona. Sindinatsutse.

Lachinayi ndinafika msanga. Ndinatapa dothi lonyowa pansi pa phesi lachisanu lija, ndi masamba a tiyi omwe, n'kuika mu envelopu ya mbewu. Ofesi ya Adokotala ndi kachipinda kodzaza makatoni, firiji ya mbewu ili pakona, fani ikuzungulira koma mphepo yake osaimva. Ndinawapeza akulemba lipoti lija. Ndinakhuthula envelopu pa pepala loyera patebulo pawo.

Anagwira dothilo, analifinya, linaumbika. Anandifunsa kumene ndalitenga. Nditawauza, anavula magalasi, anawavalanso, n'kunyamuka. Mu shedi anagwada ndi siketi yawo yabwino ija n'kukumba ndi manja, phesi ndi phesi, mzere wonse. Atadzuka anafunsa kuti ndani. Ndinati apongozi anga.

Anawaitanitsa pomwepo. Apongozi anabwera khasu lili paphewa, akapitawo ali pambuyo. Ine apongoziwo sanandiyang'ane. Adokotala sanakalipe. Anangofunsa kuti anayamba liti, kangati, ndi kuti ndi ndime ziti zina.

Apongozi anayankha ngati akuwerenga. Anayamba tsiku limene galimoto ya feteleza inabwera. Anathira masiku khumi ndi anayi, Loweruka ndi Lamlungu ayi chifukwa geti imakhala yotseka. Mzere wa kumapeto wa ndime 24 anauthirako katatu madzi atatsala. Ndime 8 kawiri, kenako anaisiya chifukwa inali kutali ndipo akapitawo ankakonda kuima kumeneko.

“Mayi, munauzidwa kuti muno simuthiridwa madzi?”

“Ndinauzidwa.”

“Chifukwa chake munachimva?”

“Ndinachimva dzulo. Poyamba ndinkaona ngati ndi nkhanza chabe za anthu a sukulu.”

Akapitawo anatsokomola kubisa kuseka. Adokotala analemba zonse m'kabuku kawo. Kenako anati ndime 8, 22, 23 ndi 24 zachotsedwa mu kafukufuku wa chaka chino, 22 chifukwa yagundana ndi 23 ndipo chinyezi chingakhale chitafikako, ndipo zotsalazo tikumba imodziimodzi kuti tione ngati zili zouma. Lipoti silipita. Mitundu inayiyo idikira chaka chamawa, ndipo chaka chimodzi pa ntchito imeneyi si chinthu chochepa.

Tinakumba mpaka dzuwa kupendeka, ine, akapitawo ndi Adokotala. Ndime zina zonse zinali fumbi mpaka pansi. Apongozi sananame.

Madzulo anatiitanira mu ofesi mmodzimmodzi. Ine ndinalowa ndi mawu okonzeka. Ndinati mayiwa ndi olimbikira, saba, sachedwa, ndipo angathe kuwasamutsira kosankha mbewu kumene kulibe chomera choti achimvere chisoni. Adokotala anati akudziwa, koma lamulo la shedi ndi limodzi lokha ndipo aliyense analimva. Akawasiya pa ntchito, mawa wina adzathira ndime imene waikonda iye. Apongozi amaliza Lachisanu.

Kenako anatsegula bukhu langa n'kulitembenuzira kwa ine. Anandionetsa tsiku lachisanu ndi chinayi, masamba onse opota, ndi tsiku lakhumi ndi chitatu, masamba onse omasuka, zonse m'zilembo zanga. Anafunsa kuti chinandiletsa n'chiyani kugwada tsiku limenelo. Ndinati palibe. Ndinaona bwana akusangalala, nanenso ndinasangalala. Anati nawonso sanagwade, ndipo zimenezo akazifotokoza okha kulikulu, koma ine ndilandira kalata ya chenjezo. Ndinasaina.

Popita kunyumba apongozi anali patsogolo, ine pambuyo, mtunda wa mapazi khumi. Chigubu anachisiya pa geti, mlonda anachitenga. Amuna anga atamva anangoti, “Wachita zimene umafuna,” n'kutuluka kukaona galimoto ya munthu imene sinali yofulumira. Mlamu wanga wamkazi anaimba foni kuchokera kumene anakwatiwa, ndipo ndinamva mawu akuti mtima wa mwala akutuluka m'chipinda cha apongozi, chitseko atachisiya chotsegula dala.

Lachisanu apongozi anapita kuntchito monga mwa masiku onse. Anapalira kunja kwa shedi, m'mphepete mwa msewu, mpaka belu. Anatsuka khasu, analibweza, anatsanzika anzawo. Pamene ankadutsa pa waya, ndime 23 inali itayamba kale kupota, tsiku lachiwiri lokha chisiyire kumwa. Anaima pang'ono, anayang'ana, anapitirira.

Madzulo a tsiku lomwelo akapitawo anakhoma loko pa chitseko cha shedi. Makiyi ndi awiri, imodzi ya Adokotala, ina anandipatsa ine, ndipo opalira azilowa ine ndili pomwepo, manja ali ndi khasu lokha. Ndinaimangirira pa chingwe cha makiyi a kunyumba.

Masiku atatu apongozi sanandilankhule. Zofuna kundiuza ankauza mwana wanga wamkazi ine ndili pompo: auze amayi ako mchere watha, auze amayi ako malaya a bambo ako sanayere. Lolemba m'mawa ndinawapeza akusesa pakhonde pamene ndinali nditasesa kale. Ndinawapatsa moni. Anasesa kawiri katatu asanayankhe, maso ali pa makiyi amene anali m'dzanja langa.

“Yolimba ndi 31,” anatero. “Ija sinandipemphepo madzi. Mukaione bwino, mugwade.”

Ndinati ndamva.

“Zinazo kazipheni, akalaliki. Mwachedwa, basi ikusiyani.”

Ndinatenga bolodi yanga n'kutuluka.