Mkono Womangidwa m'Chitenje

Petronella atamuchotsa bere lakumanja chifukwa cha khansa, mayi wa mafizo, wothandiza odwala kuwongola ziwalo kuchipatala, anamulangiza kuti tsiku lililonse aziima moyang'ana khoma, n'kumakweza zala pang'onopang'ono, kuti phewa lisaume. Koma kunyumba ku Chawama kunali mkulu wake Towela, amene anachoka ku Mandevu kudzamudwazika.

"Muntu bamucheka, ati azikwela chipupa? Chilonda chizaseguka!" anatero Towela. Anatenga chitenje n'kumumangirira mkonowo pachifuwa.

Chikondi cha Towela chinali chosapumitsa. Kumusambitsa, kumuveka, ngakhale kapu ya tiyi kumugwirira. Amayi a kutchalitchi akabwera ankangoyamikira kuti wodwala akusamalidwa. Petronella akati ayese zakhoma zija, m'khwapa munkakoka ngati muli chingwe, iye n'kubuula, Towela n'kutulukira. "Waona manje? Nkala pansi." Ndipo ankakhaladi. Mkulu wako wasiya malonda ake chifukwa cha iwe, umutsutsa bwanji?

Mtima wa Petronella unali pa Thandi, mwana wake yekhayo, amene anali woyembekezera. Kwawo, mdzukulu woyamba mchombo ukagwa, amene amayamba kumubereka kumbuyo ndi agogo ake akuchikazi. Matenda onse aja anawapirira poganiza za tsiku limenelo.

Atabwerera kuchipatala, mayi wa mafizo anamukweza chigongono. Sichinafike ngakhale paphewa, Petronella anali atakuwa kale.

"Amai, munali kuchita vamene tinakuuzani?"

Towela ndiye anayankha, monyadira ndithu. "Sitinamulole olo kunyamula sipuni."

Mayiyo anapumira m'mwamba. Anati phewalo likhoza kumasuka, koma tsopano zitenga miyezi yambiri, ndipo zipweteka.

Mwana wa Thandi sanadikire miyezi imeneyo, anabadwa. Tsiku lomutulutsa panja, amayi atadzaza pabwalo, Petronella anawerama, Thandi n'kumuika khandalo pamsana. Dzanja lamanzere linakoka chitenje bwinobwino. Lamanja linakana kupita kumbuyo. Anayesanso, ataluma mano, thukuta lili kamukamu, mwana n'kuyamba kutsetsereka. Thandi anamuwakha msangamsanga.

"Mami, lekani, muzamugwesa."

Thandi anayang'ana uku ndi uku, kenako anamupereka mwanayo kwa Towela. Towela anawerama, kuponya chitenje, kumanga, zonse kamodzin'kamodzi. Amayi onse analuluta. Petronella analuluta nawo, chifukwa anthu ankamuyang'ana.