Kuseri kwa Makadi a Bambo

Bambo anandiimbira foni Lachiwiri m'mawa ndili kuntchito, ndikuwerengera odwala mapiritsi pa windo.

"Amayi ako anyamukanso," anatero, mawu ali phee ngati akundiuza kuti kunja kwachita mitambo. "Pa nthawi yopuma udutse, ukawatenge."

Sindinadabwe. Pa zaka makumi anayi za ukwati wawo, amayi anali atalongedzapo sutikesi yawo yobiriwira kakhumi ndi kawiri. Ankafika pa siteji ya basi n'kukhala pa benchi. Basi kubwera, basi kupita, iwo ali pomwepo. Kenako ine ndinkapita kukanyamula sutikesiyo, iwo akunditsatira pambuyo uku akung'ung'udza. Bambo anali ndi muyeso wawo. "Bola makina osokera ali pakona," ankatero, "amayi ako safika patali."

Choyambitsa mkangano chinali chimodzi nthawi zonse: makadi. Bambo anaphunzitsa Chingerezi kusekondale mpaka kupuma, ndipo kuchokera pamenepo akhala akulemba buku la mawu a Chingerezi ndi otsutsana nawo. Liwu lililonse khadi lake, lotsutsana nalo lililonse khadi lakenso, kumanga ndi labala, kuponya m'bokosi la nsapato. Mabokosiwo anafika khumi ndi asanu ndi awiri, buku osaoneka. Mapepala atsopano amati n'kuwononga. Chilichonse chokhala ndi kuseri koyera chinali chawo: makalendala, makatoni a sopo, makadi oitanira ku ukwati, ngakhale lipoti langa la kusukulu. Ankaziunjika chafufumimba, n'kutsitsa chimpeni chodulira mapepala chomwe sukulu inataya. Kutsogolo kwa pepala sankayang'anako, zimenezo zinali za anthu opanda chochita.

Masana ndinayamba kudutsa pa siteji. Pa benchi panali bambo wina atagona, chipewa kumaso. Amayi kunalibe. Ndinazungulira kuseri kwa sitolo komwe kumakhala mthunzi, kunalibenso.

Kunyumba ndinawapeza bambo patebulo lawo, magalasi ali pansonga ya mphuno.

"Wabwera bwino," anatero. "Ndafika pa liwu londivuta. Reversal. Kubwerera m'mbuyo, kusintha zomwe unagamula kale. Otsutsana nalo ndapeza anayi okha: progress, advance, continuation, confirmation. Kupita patsogolo, kusunthira kutsogolo, kupitiriza, kutsimikizira. Koma payenera kukhala lachisanu."

"Bambo, amayi kulibe pa siteji."

"Ndiye wawaphonya panjira. Tamvera, lachisanu..."

Ndinayang'ana pakona. Panali timabala tinayi pa simenti, pomwe miyendo ya makina inaima chibadwire changa, ndi kaulusi kofiira.

"Makina ali kuti?"

Bambo anatembenuka ndi mpando womwe. Anayang'ana pakonapo nthawi yaitali, kukamwa kuli yasa.

"Kunabwera anthu awiri m'mawa," anatero pang'onopang'ono. "Anati ndiwapatse njira. Ndinasuntha mpando."

"Munasuntha mpando."

"Ndimayesa ndi okonza."

Ndinafuna kuwagwedeza mapewa. Munthu wodziwa mawu zikwizikwi, makina a mkazi wake kumudutsa kumsana, iye n'kuwapatsa njira. Ndinatuluka pakhonde n'kuwaimbira amayi. Kale akanyamuka foni ankaithimitsa kuti tivutike powafuna. Ulendo uno anayankha itangolira kamodzi, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa makina.

"Ndili kwa mng'ono wanga, ndafika bwino," anatero amayi. Mawu awo analibe mkwiyo ngakhale pang'ono. "Usadzivute ndi ulendo, mwanawe."

"Amayi, chachitika n'chiyani?"

"Uli kunyumbako? Pita patebulo, utembenuze makadi anayi amene akuwanyadirawo. Ukatero, ngati uli ndi mawu, undiimbire."

Ndinabwerera m'nyumba. Makadi anayiwo anali pamzere, olimba bwino, oyera kuposa anzawo. Bambo anaona komwe ndikuyang'ana.

"Pepala labwino limeneli," anatero. "Silipindika. Ndinalipeza patebulo pompano Lamlungu."

Ndinatembenuza loyamba. Panali khutu ndi tsitsi lometedwa bwino. Pa lachiwiri panali diso ndi theka la mphuno. Sindinafunike kutembenuza enawo, koma manja anga anapitiriza okha: kolala ya malaya a sukulu, chibwano, theka la pakamwa pomwetulira.

Anali achimwene anga. Anamwalira ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ine ndili ndi zisanu ndi chimodzi. Zithunzi zawo zina zonse zinaonongeka chaka chomwe denga linadontha pa kabati. Chinatsala ichi chokha, chachikulu, chomwe chinkakhala m'felemu kuchipinda, kumutu kwa bedi, mbali ya amayi. Sabata yatha amayi anandiuza kuti galasi lake lasweka ndipo akufuna kukadulitsa lina. Ayenera kuti anachitulutsa n'kuchiika chafufumimba kuti chisagwire fumbi.

Ndinayandikiza zidutswazo pamodzi. Bambo amalemba mokanikiza, moti zilembo zinatulukira kutsogolo, zotumphuka, zodutsa patsaya ndi pamphumi. Chimpeni chinadutsa pakati penipeni pa mphuno.

Ndinalephera kukuwa, ndinalepheranso kulira. Ndinangoti, "Bambo, taonani."

Anakankhira magalasi m'mwamba n'kuwerama. Ndinaona nkhope yawo ikusintha, ikugwa ngati khoma lonyowa. Anatambasula chala, osakhudza, n'kuchibweza.

"Ayi," anatero. "Ayi, ayi. Linali pepala. Linali loyera."

"Kuseri kwake."

"Sindinatembenuze."

"Simutembenuza, bambo. Simunatembenuzepo."

Panja galimoto inadutsa, mawindo n'kunjenjemera. Kenako bambo anayamba kufufuza m'dirowa, kutulutsa malabala, zolembera zouma, mpaka anapeza tepi.

"Tingamate," anatero. "Kuseri. Sizioneka kwambiri. Uwaimbire, uwauze kuti tikumata."

Ndinawaimbira, foni ndinaikweza mawu kuti amve okha.

"Kumata mungamate," anatero amayi. "Si chimpeni chandichotsa. Munthu amalakwitsa, inenso ndinadulapo nsalu ya mwini molakwika. Koma Lamlungu ndinachifuna chithunzicho nyumba yonse. Dzulo m'mawa ndinachipeza patebulopo, chili zidutswa. Sindinanene kanthu. Ndinazibwezera momwe zinalili, n'kuwafunsa kuti, 'Bambo ake, mwachionako chithunzi cha mwana?' Ukudziwa anandiyankha chiyani, mutu osadzutsa? Anati, 'Chithunzi chiti?'"

Bambo anatseka maso.

"Tinali nacho chimodzi," anapitiriza amayi. "Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu chili kumutu kwa bedi lomwe amagonapo. Ndinawapatsa tsiku lonse la dzulo kuti mwina atembenuza khadi limodzi. Maulendo ena onse aja ndinkakhala pa benchi kudikira kuti wina anditsatire. Lero sindinadikire munthu."

"Amayi, mubwera liti?"

"Sindibwera, mwanawe. Ukadzabwera kudzandiona, unditengere chithunzicho, mmene chililimo. Asachimate."

Foni inaduka. Ndinakhala pa mpando wa amayi. Ndinawakwiyira bambo kwambiri, komanso ndinawamvera chisoni, ndipo sindinadziwe choyamba n'chiti.

Bambo anaika tepi pansi. Anakokera nyali ya patebulo pafupi, ngakhale kunali dzuwa, n'kuyang'anitsitsa chidutswa cha m'munsi.

"Anali ndi chipsera pachibwano?" anafunsa.

"Anagwa panjinga. Amayi amati munawanyamula ndinu kupita nawo kuchipatala, malaya anu onse magazi."

Bambo anagwedeza mutu pang'onopang'ono, maso osachoka pa chidutswacho.

"Malaya a buluu," anatero. "Mwanayo ankandiuza kuti ndisathamange, ndingamugwetse."

Ndinatenga envulopu kuti ndiikemo zidutswazo. Anagwira dzanja langa.

"Dikira kaye," anatero. "Sindinamalize kumuona."