Chipewa Changa ndi Buluku la Dorinel

Bambo anga anandiphunzitsa kuti mwamuna wolongosoka amavulira chipewa mayi aliyense. Lamulo limeneli linatsala pang'ono kundigonetsa ndi njala.

Dorinel Vâlcu, woimba wotchuka amene savala chovala kawiri, anapereka mabuluku ake makumi anayi kuti agulitsidwe pa okushoni, ndalamazo zigulire nyumba ya okalamba ya m'tauni mwathu ng'anjo yotenthetsera zipinda chisanu chisanafike. Malondawo anachitikira panja, pabwalo la tchalitchi, choncho chipewa chinali kumutu. Ine, mphunzitsi Bârsan wopuma pa ntchito, ndinapita kukangoonerera.

Mitică, wometa tsitsi amene ankaitanira mitengo nyundo ili m'manja, anakweza buluku lagolide. Nthawi yomweyo mayi Aurica analowa pachipata. Ndinavula chipewa.

"Malei mazana asanu, aphunzitsi Bârsan!" anakuwa Mitică, ngati kuti povula chipewa ndatchula mtengo.

Gică wogulitsa nyama anawonjezera. Mayi wina analowa, ndinavulanso.

"Chikwi! Aphunzitsi akufuna kukavina!"

"Mitică, ndikupereka ulemu, sindikugula!"

"Ulemu wanu ngwodula, aphunzitsi!"

Amayi aja atazindikira, anatuluka onse akuseka chikhakhali, nayamba kulowanso mmodzimmodzi. Mayi Aurica analowa katatu! Ine kuvula, Gică kuwonjezera, mpaka iye anafika pa zikwi zisanu ndi zitatu. Ndinagwira chipewa ndi manja awiri: kuchivulanso kunali kutaya penshoni ya miyezi inayi.

Pamenepo anthu anapatukira njinga ya olumala. Anali mayi Profira, a zaka makumi asanu ndi anayi, okhala m'nyumba ya okalamba ija, amene anandiphunzitsa kugwira cholembera.

Ndinavula.

"Zikwi zisanu ndi zinayi!" anakuwanso Mitică. Gică anapinda manja. "Kamodzi! Kawiri!"

Dorinel anadumphira pathebulo, mphete zikung'anima pa chala chilichonse.

"Iyayi! Buluku limene ndinagwedeza nalo mzinda wa Bucureşti livalidwe ndi madala a nkhope ya pamaliro awa? Zikwi makumi awiri!"

"Achimwene, ndi lanu lomwe!" anatero Mitică.

"Ndiye n'chifukwa chake ndikudziwa mtengo wake! Menya nyundo!"

Bwalo lonse linaphulika ndi phwete. Wansembe anaseka mpaka kukhala pansi, ndipo mayi Profira, amene sanamve chilichonse, ankawomba m'manja kuposa onse.

Ndinali ndisanavulirepo woimba chipewa m'moyo mwanga. Tsiku limenelo ndinamuvulira Dorinel, koma nditaonetsetsa kaye kuti nyundo yagunda.