Maola Awiri Kuchokera ku Johannesburg

Moni, wokondedwa mwa Ambuye. Tiyamike Mulungu amene watisunga ndi moyo kufikira lero, kuti timve zomwe zinagwera banja lina ku Bundabunda.

Mayi ake a Ednah anatsikira kuli chete atadwala nthawi yaitali m'manja mwa mwana wawo wamkaziyo. Mlongo wake wamkulu wa Ednah, Kondani, ankagwira ntchito ku Johannesburg, ndipo matenda onsewo nyimbo yake inali imodzi: kuchoka pa bwalo la ndege la kumeneko kukatera pa la Lusaka ndi maola awiri okha, zikavuta afika msanga. Zinavuta kangapo, koma sanabwere.

M'mawa wa tsiku loika maliro anaimbira Ednah foni. "Bauze bakumbe manda. Ndeke inyamuka manje manje, masana nili pakhomo."

Adzukulu anakumba. Tsono kwa anthu a banjali, amene makolo awo anachokera kum'mawa, manda akakumbidwa sagona ali yasa. Mwini wake alowemo dzuwa lisanalowe. Kondani anali atawerengera za m'mwamba zokha. Za kuchedwa kwa ndege, mzere wa mapasipoti, ndi msewu wa dothi m'nyengo ya dzinja, zonsezo anaziiwala.

Dzuwa linapendeka. Amayi a chigwirizano anaimba mpaka mawu kusasa. Kenaka foni ya Ednah inalira.

"Ednah, motoka yatitimira m'matope pa kamtsinje. Bauze bayembekeze."

"Ndeke yanu ija yakangiwa kuwoloka kamtsinje?"

"Osaniseka iwe! Nifuna kuona nkhope ya amama."

"Nkhope yawo inali pano zaka zonse, ba Kondani. Ine nenze kuisambika m'mawa uliwonse. Imwe munali kutumiza chabe moni."

"Nenze kusebenza, sininali kusewera!"

"Makilomita opitirira sauzande mwauluka monga mngelo. Otsalawa yendani na mendo."

Amalume awo, a Langford, anayandikira chipewa chili m'manja. "Mwana wanga, taona mitambo iyo. Madzi akalowa m'manda tidzachita manyazi. Titseke bokosi?"

Kondani anawamva. Anayamba kuchonderera. "Ndiye yatsa kamera chabe, nibaone pa foni. Napapata, mlongo wanga."

Ednah anayang'ana mayi ake ali gone, duku loyera kumutu, nkhope ili phee. Ankadziwa bwino zomwe Mawu a Mulungu amanena za kukhululuka. Ankawaphunzitsa ana ku Sande sukulu. Koma mumtima mwake munali mutauma gwa. Anakumbukira momwe mayiwo ankatukulira mutu pamphasa ndege ikamadutsa, n'kufunsa ngati mwana wawo ali m'menemo.

Anazimitsa foni. "Tsekani, amalume."

Kondani anafika mvula itayamba kuwaza, nsapato zili m'manja, matope mpaka m'mawondo. Anapeza mtumbira utaundidwa kale, nkhata zitaikidwa, anthu akubwerera kumudzi. Anagwada pa dothi lonyowalo.

"Banavala chani?" anafunsa osadzutsa mutu. "Niuzeko chabe."

"Funsani amene banabwera," anatero Ednah, n'kufunda chitenje kumutu, ulendo wotsatira amayi anzake.

Ambuye akudalitse, iwe wowerenga. Akupatse miyendo yofulumira kwa amene akukudikira, ndipo afewetse mtima wako tsiku limene m'bale wako adzakupempha chinthu chaching'ono. Amen.